Pemphero Lopempherera Ana Amene Sakhala Phee

Mulungu Atate wathu, Namalenga, Inu amene munaumba msana wa munthu n'kuuimika pa miyendo iwiri, tabwera pamaso panu ife makolo, agogo, aphunzitsi, anamwino, atsogoleri a mipingo ndi onse olera ana. Tabwera ndi ana athu amene sakhala phee. Inu mukuwadziwa ndi mayina awo. Pali mnyamata amene amati akakhala pa benchi, posakhalitsa wagwada, kenaka wagona chammbali, kenaka ali pansi. Pali mtsikana amene sasokosa konse, koma nthawi zonse amakhala atatsamira khoma, mutu uli pa mkono, maganizo atapita kutali. Pali uja amene amati akaima pa mzere amagwedera uku ndi uku mpaka kugunda mnzake, ndeu n'kubuka. Ambiri mwa ana otere madokotala amati ali ndi ADHD, vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kujijirika kosatha, ndi kuchita zinthu asanaganize. Ife tawapatsa mayina athu: wosamva, wopulupudza, wamwano, mutu wake sukoka. Ayang'aneni ana amenewa, Ambuye, ndipo mutiphunzitse ifenso kawonedwe kanu.

Ngakhale pemphero lathuli timaliyamba ndi lamulo lakuti aliyense aimirire, aweramitse mutu, atsinzine. Kwa ambirife zimenezi n'zapafupi. Koma Inu mwini chilengedwe mukudziwa ntchito imene imagwirika m'thupi kuti munthu angoima chilili. Palibe amene amaima osagwedera konse. Thupi limapendekera pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbali, ndipo ubongo umalibweza kosalekeza, mwini wake osadziwa. Munauikira ubongowo amithenga atatu: maso, amene amaona pamene pali khoma ndi pamene pali nthaka, timachubu tokhota tokhala ndi madzi mkati mwenimweni mwa khutu, timene timamva mutu ukatembenuka, ndi mitsempha ya kumapazi, m'mawondo ndi m'khosi, imene imanena pamene chiwalo chilichonse chili. Uthenga wonsewu umakalongosoledwa m'kachigawo ka ubongo ka kunkhongo, kamene madokotala amati cerebellum. Akatswiri akhala akuimika ana pa zipangizo zoyezera kugwedera, ndipo kawirikawiri apeza kuti ana a ADHD amagwedera kuposa anzawo, makamaka akatsinzina kapena akaima pa chinthu chofewa. Ojambula ubongo aonanso kuti mbali zina za cerebellum mwa ana ambiri otere zimakhala zocheperako. Ndiye mwana uja amene amatsegula diso limodzi pakati pa pemphero, amene amagwira benchi kapena chitenje cha amayi ake, kapena sakunyoza Inu ayi. Akufuna pogwira. Koma ife tamutsina khutu m'nyumba yanu momwe, tati alibe ulemu kwa Mulungu. Mutikhululukire, Atate.

Mukudziwanso kuti kwathu kuno ulemu timauonera pa thupi. Mwana wolereka amagwada popereka madzi kwa akulu, amalandira chinthu ndi manja awiri, amawerama podutsa pamene pakhala anthu. Mtsikana amakhala pansi atasonkhanitsa miyendo, ndipo akulu akamalankhula mwana amadekha mpaka amalize. Mwambo umenewu ndi wabwino, tinaulandira kwa makolo athu ndipo sitikufuna kuutaya. Koma tausandutsa muyeso woyezera mtima wa mwana. Taona mwana atakhala chopendama, mapewa atagwa, miyendo ikusewera, ndipo tagamula pomwepo kuti ndi mwano. Taona mtsikana akulephera kudendekera ndowa pamene anzake a msinkhu wake akuthamanga nayo, madzi ake n'kutayikira m'njira, ndipo tati ndi ulesi, tati adzatichititsa manyazi akadzakwatiwa. Takumbutsana kuti kuwongola mtengo m'poyamba, n'kupita kukathyola chikoti. Chikoticho chawaphunzitsa mantha ndi bodza, msana uli chipendamire. Mwana wanu Yesu ataona mayi amene anakhala wopindika msana zaka 18, sanamufunse chimene analakwa. Anamuitana, namusanjika manja, ngakhale mkulu wa sunagoge anakwiya nazo. Tipatseni maso otere ndi manja otere.

Tikuwapempherera ana amenewa m'makalasi mwathu. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'Malawi, ana adzaza sukulu, ndipo pa ichi tikuyamika. Koma m'sukulu zambiri ana a Sitandade 1 ndi 2 amakhala pansi, pa simenti kapena pa dothi, ena pansi pa mtengo, opanda chotsamira, kope lili pa bondo, khosi litapindika, ndipo nthawi zina amaposa 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri akuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi 5 ali ndi ADHD. Ndiye kuti m'kalasi yotere mungathe kupezeka ana angapo amene kukhala pansi kokhako ndi ntchito kale, phunziro lisanayambe n'komwe. Mwana wotere ali ngati munthu wopalasa njinga yosenza matumba a makala pa njira ya mchenga: maso ndi mphamvu zonse zili pa mahandulo, ukamufunsa funso sangakuyankhe. Tikamukalipira kuti "Khala bwino!" amakhaladi bwino, amaumitsa msana, koma pamenepo nzeru zake zonse zapita kukalondera msanawo, za pa bolodi zamudutsa. Ndipo akatswiri, mmodzi mwa iwo Christopher Gillberg wa ku Gothenburg m'dziko la Sweden, asonyeza kuti ambiri mwa ana amenewa, mwina kufika theka, alinso ndi vuto loyendetsa manja ndi miyendo mogwirizana. Pensulo amaigwira mofinya mpaka dzanja kuwawa, zilembo zimakwera ndi kutsika, mabatani ndi zingwe za nsapato zimawavuta, mpira umawapulumuka m'manja. Mwana mmodzi amalangidwa kawiri pa tsiku, chifukwa cha kakhalidwe ndi chifukwa cha kalembedwe, pamene zonse ziwirizi sanazisankhe. Ambuye, ena mwa iwo abwereza kalasi mpaka kutopa, ndipo lero ali pa msika kapena ku dambo ndi mbuzi, atakhulupirira kuti ndi mbuli. Abwezeni, ndipo akabwera atipeze titasintha.

Tikukuthokozani chifukwa cha anthu amene munawapatsa chidwi ndi kuleza mtima kuti afufuze nkhaniyi. Njira yake yakhala yaitali. Mu 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu amene maganizo awo amabedwa ndi kaphokoso kalikonse. M'zaka za m'ma 1840 dokotala wa ku Frankfurt, Heinrich Hoffmann, anajambula m'buku la ana mnyamata wogwedeza mpando pa nthawi ya chakudya mpaka kugwa chagada, atakoka nsalu ya patebulo ndi mbale zomwe, ndipo anamuika pamenepo ngati chenjezo kwa ana osamvera. Mu 1902 ku London, George Still anafotokoza za ana otere pamaso pa madokotala anzake, koma nayenso vutolo analitcha kuperewera kwa mphamvu yodziletsa pa makhalidwe. Ophunzira omwe anayamba ndi kuloza chala pa khalidwe, monga tachitira ife. Koma Inu munapitiriza kutsegula maso a anthu. Mu 2007 akatswiri a ku America, atajambula ubongo wa ana mazana angapo, anapeza kuti mwa ana a ADHD mbali zina za ubongo, makamaka za kumphumi zimene zimathandiza kudziletsa ndi kukonza zochita, zimakhwima mochedwa ndi zaka pafupifupi 3. Mu 2015 ena a ku University of Central Florida anaona kuti anyamata a ADHD ankakumbukira bwino ntchito yovuta pa nthawi imene ankagwedeza miyendo ndi kutembenuka pa mpando, pamene kwa anzawo opanda vutoli sizinali choncho. Atate, chimene ife takhala tikuchiletsa ndi chikoti chingathe kukhala ndodo imene mwanayo akuyendera. Nzeru zimenezi zisathere m'mabuku a kunja. Zifike kwa mphunzitsi wa ku Nsanje ndi kwa agogo a ku Chitipa.

Tikupempherera mabanja. Kafukufuku wa mapasa wasonyeza kuti mbali yaikulu ya vutoli, yoposa magawo 70 pa 100, ndi yakumtundu. Silibwera chifukwa mayi analekerera mwana, kapena chifukwa mwana anadya shuga wambiri. Komabe m'nyumba zathu amayi ndiwo asenza mlandu. Apongozi ati sanamulange ali wamng'ono. Aneba aletsa ana awo kusewera naye. Mayi waitanidwa ku ofesi ya ahedi mpaka kuchita manyazi kudutsa pa geti, ndipo akabwerera kunyumba bambo akuti, "Mwana wakoyu watengera kwanu." Ambuye, nthawi zina bambo yemweyo ndi amene sanamalize sukulu chifukwa sankatha kukhala pansi, ndipo mkwiyo wake pa mwana ndi chilonda chake chakale. Mukhudzeni, akumbukire mmene zinkapwetekera, kuti akhale woyamba kuima pakati pa mwana ndi chikoti. Limbitsani amayi amene usiku sagona chifukwa mwana sagona, amene tsiku lonse maso ali ku moto, ku chitsime, ku msewu ndi ku mtengo wa mango, pakuti ana amenewa amavulala kawirikawiri kuposa anzawo. Kumbukirani agogo olera adzukulu okhaokha, amene miyendo yawo singathenso kuthamangitsa mwana. Kumbukiraninso abale ndi alongo a mwana wotere, amene nthawi zina amaiwalika chifukwa onse akuyang'ana mmodzi. Tinaphunzitsidwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawuwa agwire ntchito ngakhale pa mwana amene wakuswera mbale.

Pali zina zimene zimawonjezera chiopsezo, ndipo izi zili pa khomo pathu penipeni. Ana obadwa masiku osakwana ndiponso obadwa ochepa thupi amagwidwa ndi vutoli kawirikawiri kuposa ena, ndipo lipoti la dziko lonse lapansi la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 18 mwa 100 obadwa nthawi isanakwane. Tikupempherera amayi oyembekezera, kuti apeze chakudya chokwanira, afike kusikelo msanga, atalikirane ndi mowa ndi utsi wa fodya. Tikupempherera amayi amene pa ora lino afungatira timakanda tawo pachifuwa m'mawodi a kangaroo, kuti ana awo akule, ndi kuti akadzakula tisadzaiwale mmene anayambira. Tikupempherera ana amene munawapulumutsa ku malungo a mu ubongo. Madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anatsatira ana otere atatuluka m'chipatala, ndipo zimene anafalitsa mu 2010 zinasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 10 anasintha khalidwe n'kukhala wovuta kumugwira, ndipo ena anayamba kudwala khunyu. Tinavina tsiku limene mwana anatsitsimuka. Tithandizeni kuti tisamutembenukire pamene zipsera za matendawo zayamba kuonekera m'kalasi. Tikupempherera ana a ku Kabwe m'dziko la Zambia, amene akusewerabe pa fumbi la mtovu ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994, pakuti mtovu umawononga ubongo wa mwana ndi kumulanda chidwi. Dzutsani amene ali ndi mphamvu ndi ndalama kuti ayeretse nthaka imeneyo.

Tipatseninso nzeru yosiyanitsa, kuti tisatenge dzina latsopanoli n'kumamata pa mwana aliyense wothamanga. Mwana munamulenga kuti azithamanga. Pali mwana amene sakhazikika chifukwa wachoka kunyumba osadya kanthu, ndipo chimene akusowa ndi kapu ya phala. Dalitsani amayi amene amadzuka m'mamawa kukaphika phala m'sukulu, ndi ntchito ngati ya Mary's Meals imene inayambira m'dziko lino mu 2002. Pali mwana amene amapendeketsa mutu chifukwa khutu limodzi silimva, wina amawerama mpaka mphuno kukhudza kope chifukwa maso saona bwino. Pali amene amangoti duu kwa kanthawi, maso ali tong'o, ndipo ndi mtundu wina wa khunyu. Pali wa magazi ochepa, pali wamasiye amene akulira chamumtima, pali amene akuchitidwa nkhanza ndipo alibe womuuza. Palinso amene msana wake unapindikadi, wofunika dokotala wa mafupa. Madokotala sanena kuti ndi ADHD chifukwa cha tsiku limodzi: zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zitakhala miyezi 6 kapena kuposa, zikuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo zikumulepheretsadi kuchita zimene anzake akuchita. Tiphunzitseni kufunsa tisanagamule. Ndipo musalole kuti tiiwale atsikana. Anyamata ndiwo amapezeka ndi vutoli kawirikawiri chifukwa amasokosa. Mtsikana wolota ali maso amangokhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo timamuyamikira kuti ndi wofatsa mpaka tsiku limene walephera mayeso.

Pali tchimo lina lolemera limene tikuliika pamaso panu. Ana ena otere tawanena kuti analodzedwa, ena kuti ali ndi ziwanda, ena kuti akutamba usiku n'chifukwa chake masana amasinza ndi kudzandira. Awatemera mphini, awamwetsa zowawa, awasalitsa kudya, awakuwira m'makutu usiku wonse m'dzina lanu. Lamulo la dziko la Malawi la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma pakamwa pathu sipanaleke. Atate, tsekani pakamwa pa aliyense amene amadyera pa mantha a makolo. Mwana amene wauzidwa ndi akulu kuti mwa iye muli choipa amakhulupirira, ndipo amakula nacho. Chotsani mawu amenewo m'mitima ya ana amene anawamva.

Tsopano tikukweza aphunzitsi athu, amene ambiri amalowa m'kalasi ali ndi choko chokha ndi mawu awo. Sitikuwaweruza, pakuti katundu wawo ndi wolemera. Koma apatseni mtima woyesa zing'onozing'ono zimene sizifuna ndalama. Amuike mwana wotere kutsogolo, kutali ndi khomo ndi zenera, pamene angathe kutsamira khoma kapena chipilala. Amulole kulemba ataima kapena atagwada, ngati m'mene akulembera bwino. Amutume kufufuta bolodi, kugawa makope, kukaimba belu, kuti kuyenda kwake kukhale ntchito yolemekezeka m'malo mwa mlandu. Amupatse malangizo amodziamodzi, atamutchula dzina ndi kumuyang'ana, ndipo ntchito yaitali aidule zidutswa. Akachita bwino amuyamikire pomwepo, chifukwa kwa mwana wotere mphotho ya kumapeto kwa teremu ili kutali kwambiri. Ndipo chilango chisakhale kumutsekera m'kalasi pa nthawi yopuma, kapena kumuimika ndi mwendo umodzi manja ali m'mwamba pamaso pa anzake, pakuti kutero n'kumulanga ndi chinthu chomwecho chimene thupi lake likulimbana nacho. Dalitsani koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo muchulukitse otuluka kumeneko mpaka zoni iliyonse ikhale nawo. Sunthani mitima ya okonza bajeti ya dziko kuti agule madesiki, a msinkhu wa ana, oti mapazi azifika pansi. Mwana amene mapazi ake akulendewera sangakhale mowongoka, ngakhale atakhala wofatsa chotani.

Tikukuthokozani chifukwa cha masewera, amene ndi mankhwala aulere. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azisewera mwamphamvu mphindi 60 pa tsiku, ndipo kwa ana a ADHD akatswiri aona kuti kuthamanga ndi kudumpha kumathandiza chidwi ndi kayendetsedwe ka thupi. Munatipatsa kale jingo, fulaye, chipako ndi mpira wachikulunga. Munatipatsa chimtali, beni ndi malipenga, m'mene phazi limaphunzira kumvera ng'oma. Tetezani mabwalo a masewera m'matauni mwathu, amene akutha ndi maploti. Ndipo mwana amene amagwa msanga, amene posankhana matimu amatsala yekha, mupatseni mnzake mmodzi woti azimuitana. Dalitsani madokotala a mafizo, pamodzi ndi amene akuphunzira ntchitoyi ku Kamuzu University of Health Sciences, amene amadziwa kulimbitsa minofu ya m'mimba ndi ya kumsana, ndi kuphunzitsa mwana kuima ndi mwendo umodzi, kuyenda pa mzere ndi kuwakha mpira, pang'onopang'ono, mopanda kumuseka.

Kumbukirani ogwira ntchito za umoyo wa maganizo, amene ndi ochepa kwambiri pa mtundu wonsewu: a ku chipatala cha Zomba Mental, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, anamwino a m'zipatala za m'maboma, ndi alangizi a zaumoyo amene amafika m'midzi pa njinga. Chotsani manyazi amene amachititsa kholo kuopa kuti likapita ndi mwana kumeneko anthu adzati ndi wamisala. Tikuyamika chifukwa cha mankhwala. Mu 1937 Charles Bradley, dokotala wa ku Rhode Island, anadabwa kuona kuti mankhwala odzutsa ubongo anakhazika mtima pansi ana ovuta ndi kuwathandiza pa maphunziro, ndipo lero mankhwala a methylphenidate athandiza ana ambiri pa dziko lapansi. Kwathu kuno sapezeka wamba. Tsegulani njira kwa amene akuwafunadi, ndipo mupatse madokotala kusamala, pakuti mankhwalawa amachepetsa chilakolako cha chakudya ndi kusokoneza tulo, amafuna kuyeza mwana kawirikawiri, ndipo malangizo a World Health Organization salola kuwayamba mwana asanafike zaka 6. Choyamba ndi kuphunzitsa makolo ndi aphunzitsi kaleredwe koyenera mwana wotere. Mutiteteze ku mankhwala a pa msika, ndi ku chiyeso chomwetsa mwana mapiritsi ogonetsa kuti ife tipume.

Tikuupempherera mpingo wanu. Mapemphero athu ndi aatali, mabenchi ndi olimba, ndipo ana timawaunjika kutsogolo pa simenti ndi mkulu wa mpingo atagwira kamtengo. Ku Trowa, pamene Paulo anatalikitsa ulaliki mpaka pakati pa usiku, mnyamata Utiko anasinza pa zenera n'kugwa kuchokera pamwamba. Mtumwiyo sanapitirize kulalikira kapena kudzudzula mnyamatayo; anadukiza, natsika, namukumbatira. Patsani abusa, ansembe, alaliki ndi aphunzitsi a Sande sukulu mtima wodukiza ndi kutsika. Awapatse ana amenewa ng'oma ndi chisekese, awaike mu kwaya imene imavina, awatume kugawa mabuku a nyimbo. Mayi asatuluke m'tchalitchi ndi misozi chifukwa cha maso a anthu, n'kuleka kubwera. Inu munalandira Davide akuvina ndi mphamvu zake zonse, munapirira Petro amene pakamwa ndi miyendo zinkatsogola maganizo akutsatira, ndipo munamupatsa nkhosa zanu kuti awete. Kwa Inu munthu salandiridwa chifukwa chokhala phee. Momwemonso tikupempherera ana a anansi athu a zipembedzo zina, amene amakhala pa mkeka m'madrasa ndi m'malo ena ophunzirira, kuti nawonso apeze aphunzitsi oleza mtima.

Musaiwale amene anakula kale. Vutoli silimathera pa ubwana kwa onse. Ambiri amalowa nalo ukulu. Ali pakati pathu pano: wokwera njinga yamoto amene wachita ngozi kangapo, mayi amene mphika umapserera pa moto masiku onse, mnyamata amene wasintha ntchito mpaka abale kutaya naye mtima, ndi ena amene anathawira ku mowa ndi chamba pofuna kuti mutu ukhale chete. Ena ali m'ndende. Afikireni, auzeni kuti sanali zitsiru, ndipo muwatsogolere ku ntchito zimene zimafuna mphamvu zawo, changu chawo ndi kulimba mtima kwawo.

Pomaliza, Atate, tikuwapereka anawo m'manja mwanu. Limbitsani misana yawo ndi mapazi awo. Atetezeni pa msewu, pa moto, pa madzi ndi pa mtengo. Apatseni tulo usiku. Athandizeni kuphunzira kudikira, kupepesa akalakwa ndi kumaliza chimene ayamba, pakuti nawonso ayenera kuleredwa ndi kulangizidwa monga ana onse, ndipo sitikupempha kuti tiwalekerere. Tikupempha kuti mwana aliyense wotere akhale ndi munthu wamkulu mmodzi, kunyumba kapena kusukulu, amene nkhope yake imawala akamuona akubwera. Ife amene tasonkhana pano tikufuna kukhala anthu amenewo. Gwirani dzanja lathu lisanatukule chikoti, gwirani lilime lathu lisanatchule dzina lonyoza, ndipo mutitume kwa aphunzitsi, kuchipatala ndi kwa atsogoleri athu kukawalankhulira ana amenewa mpaka atathandizidwa. Tapempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.